Mlendo wa a Tcheya pa Lachinayi

Foni itaduka, Telala anakhala m'mphepete mwa bafa, thaulo lonyowa lili pamiyendo, osaganiza n'komwe zolipachika. Amene anaimbayo anali mng'ono wake. Mayi awo anali atagonekedwa m'chipatala cha kutali, kokwera basi usiku wonse, ndipo madokotala anali atanena kuti awachita opaleshoni Lachisanu m'mawa.

"Akungofunsa za inu, achemwali," anatero mng'ono wakeyo. "Adokotala akuti mtima ndi wofooka. Ngati mukubwera, bwerani asanalowe."

Limeneli linali Lachiwiri. Anthu a mumsewu wa kwawo ankamutchulabe Telala, ngakhale makina ake osokera anali ataphimbidwa kalekale, pamwamba pake pali mabotolo a mankhwala. Ntchito yake tsopano inali kuchipinda chakumapeto, kumene kunkagona apongozi ake, mayi a mwamuna wake, omwe anafa ziwalo mbali imodzi. Iye ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuwasintha thewera ndi kuwamwetsa supu ndi kasupuni. Msana unkamuwawa kuyambira m'mawa, ndipo anali atasiya kuuzako anthu.

Mwamuna wake anali ndi sitolo ya utoto ndi misomali, koma dzina limene ankalikonda linali la a Tcheya. Anali wapampando wa kalabu yothandiza anthu, imene inkakumana Lachinayi lililonse masana m'chipinda chapamwamba cha hotela ina. Kumeneko ankadya, kumvetsera mlendo woitanidwa kudzayankhula, ndi kukonza zosonkhetsa ndalama. Chilowereni m'kalabumo a Tcheya anali asanajombepo, ndipo anali ndi kabaji pajekete kochitira umboni. Munthu wabwino, inde, mtima wake unali waukulu. Kungoti unkatulukira pageti m'mawa n'kubwerera madzulo utatopa.

Madzulo a tsikulo patebulo panalinso mlongo wawo wa a Tcheya, amene ankabwera kudzaona mayi ake nthawi ya chakudya ikayandikira. Telala anadikira kuti onse atenge mbale, kenaka anafotokoza za foni ija.

"Ndiyenera kukwera basi ya Lachinayi masana," anatero. "Mukhale ndi amayi masiku ochepa chabe, bambo. Sitolo ali nayo anyamata."

A Tcheya anaika supuni pansi. "Lachinayi? Mayi, mwasankha tsiku bwanji! Ndi mmene tikutsegulira zosonkhetsa za njinga za olumala. Mlendo ndamupeza movutikira, munthu wochokera ku bungwe lalikulu. Loweruka tili ndi ulendo wa ndawala. Pitani Lamlungu, ndidzakuperekezani ndekha kokwerera."

"Opaleshoni ndi Lachisanu."

"Ndiye mukawapeza atatuluka, akupeza bwino. Si ndiye bwino kumene?"

"Nanga akapanda kutuluka?"

"Aa, musamalosere zoipa."

Telala anatembenukira kwa mlamu wake. Mlamuyo anali atayamba kale kusisita m'chiuno.

"Ine mlamu mukudziwa, msana wangawu adokotala anandiletsa kunyamula ngakhale ndowa. Komanso amayi anazolowera manja anu. Achimwenewa ndi munthu wa anthu, simungawatsekere m'nyumba ngati nkhuku yofungatira. Inu munakwatiwa kuno, ndiye zina n'kumapirira."

"Tipeze munthu woti timulipire, masiku ochepa okha."

"Zimenezo ayi," anatero a Tcheya. "Anthu adzati chiyani? Wapampando wa kalabu yosamala ovutika wasiyira mayi ake munthu wa ganyu? Kukalabu kwathu ngakhale mlendo sitimusiya yekha. Amene wabwera naye amaimirira n'kumutchula dzina, amakhala naye pambali, amamupakulira, mpaka belu lotsekera. Ndiye mayi ondibereka ndiwasiyire munthu wapanjira?"

"Ndiye khalani nawo inuyo!" Telala sanadziwe kuti mawu ake akwera choncho. "Inenso ndinabadwa kwa munthu, bambo. Sindinathothoke mumtengo."

"Mwayamba mwano," anatero mlamu uja.

Telala anaimirira, misozi ili mbwembwembwe, n'kulowa kukhitchini. Chitseko anachimenyetsa mpaka makapu analira m'kabati. Kumbuyo kwake anamva supuni zikuyambiranso kugunda mbale.

Lachitatu m'mawa analowa kuchipinda chakumapeto ndi beseni la madzi ofunda. Iye ndi apongozi akewo sanali anthu okondana kuyambira kale. Ali ndi mphamvu, mayiwo ankayendetsa chala pamwamba pa kabati kufunafuna fumbi, ndipo sanayamikirepo tiyi wa mpongozi wawoyo. Matenda ndiwo anawaphunzitsa kukhalirana. Tsopano ankayankhula movutikira, liwu limodzi kenaka kupuma, ndipo m'nyumba monsemo Telala yekha ndiye anali ndi chizolowezi chodikira mpaka amalize.

Akuwapukuta m'khosi, dzanja lawo lamoyo lija linamugwira pamkono.

"Ndina...mva," anatero.

"Musadandaule nazo, amayi. Tembenukani pang'ono."

Dzanjalo silinamusiye. "Mako... ndi mako."

Telala anagwada pambali pa bedi n'kulira, nkhope ataibisa m'bulangeti. Analira nthawi yaitali, madzi m'beseni mpaka anazizira. Atadzutsa mutu, anaona apongozi ake akuloza kabati ya zovala ndi chibwano.

"Diresi... labuluu. Ulisite."

"Mukufuna kupita kuti ndi diresi labuluu?"

Mbali imodzi ya kamwa yawo inakwera, ndiko kunali kuseka kwawo masiku amenewo. "Kalabu. Ndika...ione. Ndine... mlendo."

Telala anawayang'ana nthawi ndithu asanamvetse. Atamvetsa anachita mantha. "Amayi, adzakwiya."

"Ndina...mubala... ndine."

Lachinayi a Tcheya anachoka molawirira, jekete litasitidwa, kabaji kakunyezimira. Pakhomo ananena kuti, "Ndasangalala kuti mwaiganizira bwino nkhani ija, mayi." Atangotuluka, Telala anasambitsa apongozi ake, n'kuwaveka diresi lija, n'kuwapesa tsitsi. Analongedza zikwama ziwiri, china cha zovala zake, china cha matewera, mankhwala, kasupuni ndi thaulo lomangira pakhosi. Kenaka anaitanitsa takisi.

Kuhotela kunalibe chikepe chokwerera kumwamba. Kalabu yosonkhetsa ndalama za njinga za olumala inkakumana pamwamba pa masitepe opapatiza, ndipo zikuoneka kuti panalibe amene anaziganizirapo. Operekera zakudya awiri ananyamula mayiwo ndi njinga yawo ya olumala yomwe, akuwefuka, Telala akutsatira ndi zikwama.

Pakhomo la chipindacho panakhala bambo wina wa dazi, amene ntchito yake m'kalabumo inali kulandira alendo ndi kulipiritsa ochedwa. Anaimirira mwaulemu.

"Takulandirani, amayi. Mlendo wa ndani?"

"Wa a Tcheya," anatero Telala.

M'katimo munali matebulo a nsalu zoyera ndi anthu ovala bwino. Kutsogolo, mlendo wa ku bungwe uja anali pakati pofotokoza, akuonetsa pakhoma zithunzi za anthu okhala panjinga akumwetulira. Pafupi ndi mbale ya a Tcheya panali belu lamkuwa, limene ankaliza wolankhula akapitirira nthawi yake. Bambo wa dazi uja anadikira kuti mlendoyo apume, kenaka anakweza mawu monga mwa mwambo wawo.

"A Tcheya, muli ndi mlendo amene simunamutchule."

Mitu yonse inatembenuka. A Tcheya anaimirira pang'onopang'ono, kansalu kopukutira pakamwa kali m'manja. Nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene waponda pamoto koma akuopa kukuwa.

"Anzanga," anatero, "awa ndi... awa ndi mayi anga."

Anthu anaomba m'manja kwambiri. Mayi wina wa magalasi anagwira pachifuwa. "Tcheya wathu ameneyu! Sanatiuzepo kuti nkhani ya njingayi ili m'nyumba mwake momwe." Anthu anasuntha mipando, ndipo Telala anakankha njinga ija mpaka pambali pa mwamuna wake. Anamanga thaulo pakhosi pa apongozi ake, anaika kasupuni pambali pa mbale, chikwama cha matewera anachikoleka kumsana kwa mpando wa a Tcheya. Kenaka anawerama.

"Ndapita, amayi."

"Pita... mwananga." Aka kanali koyamba kumutchula choncho.

A Tcheya anamupeza pamwamba pa masitepe. Anatseka chitseko kumbuyo kwawo n'kumugwira pamkono.

"Mwandichita chiyani? Pamaso pa anthu onsewa! Mukufuna kundivula?"

"Sindinanene kanthu kwa munthu aliyense. Akuomberani m'manja, simunamve?"

"Bwererani mukawatenge. Tikakambirana kunyumba, ndikulonjeza."

"Takhala tikukambirana kunyumba kuyambira pamene amayi anagwa." Telala sanakweze mawu, analibe mphamvu zokwezera. "Ndatopa, bambo. Ndatopa mpaka m'mafupa. Sindinadandaulepo za matewera, kapena za makina anga, kapena za mlongo wanu amene msana wake umachira pa nthawi ya chakudya. Ndapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndikaone nkhope ya mayi anga akadapuma. Inu mwati ndidikire ulendo wa ndawala."

"Ndikukuletsani ine mwamuna wanu."

"Letsani. Ndikabwerako mudzandiuze ngati ndilowe m'nyumba kapena ayi. Koma basi ndikwera."

Dzanja la a Tcheya linamasuka. Ukali uja unawathera, ndipo chimene chinatsala pankhope pawo chinali mantha enieni, ngati a mwana wosiyidwa pasukulu tsiku loyamba.

"Mayi, ine sindidziwa," anatero motsitsa. "Sindidziwa kuwanyamula kwake. Sindidziwa mankhwala ake. Akayankhula sindimva."

"Mumamva. Kungoti simudikira. Afunseni, adzakuuzani zonse, mankhwala amawadziwa kuposa ine. Koma mukafunsa mukhale pansi, musawalizire belu."

Chitseko chinatseguka, bambo wa dazi uja anasuzumira. "A Tcheya, pepani, mlendo wanu ali yekha, ndipo supu wafika. Mukudziwa lamulo."

Kudzera pachitsekopo Telala anaona apongozi ake atakhala tsonga m'diresi labuluu, akuyang'ana zithunzi zapakhoma ngati munthu amene walipira tikiti. A Tcheya anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana m'chipindamo, kenaka analowa mapewa atagwa. Telala anawaona akukhala pansi, akutenga kasupuni kaja, akukagwira molakwika. Supu woyamba anathera pathaulo. Mayi awo anawamenya padzanja, n'kuyamba kunena china chake pang'onopang'ono, ndipo a Tcheya anaweramitsa khutu.

Telala sanamve kukoma kwa kupambana kulikonse. Anangomva kulemera kwa miyendo yake potsika masitepe aja. Pokwerera basi foni inalira, anali mlamu wake. Anaisiya kuti ilire mpaka itope yokha.

Anafika kuchipatala Lachisanu kutangocha, maso ali psuu, zovala zitakwinyika. Mng'ono wake anamuchingamira pakhonde n'kumukokera m'wodi mosapatsana ndi moni womwe. Anamwino anali atayamba kale kukonza bedi la matayala. Mayi awo anali atavekedwa chovala chobiriwira cha kuchipatala, ataonda kuposa mmene Telala ankaganizira, manja ali ngati timitengo.

"Amayi, ndabwera."

Mayiwo anatsegula maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakweza dzanja n'kumugwira patsaya, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi iye.

"Waonda iwe," anatero. "Sakukudyetsa?"

Telala anaseka uku akulira. "Mwayamba inu kunena zoonda?"

Mayiwo anamwetulira pang'ono, koma mwadzidzidzi nkhope yawo inasintha. Anayesa kudzuka, namwino n'kuwagoneka.

"Nanga apongozi ako? Mwana iwe, wawasiya ndi ndani munthu wodwala?"

"Ndi mwana wawo, amayi."

"Ndi mwana wawo," anabwereza mayiwo, ngati akulawa mawuwo. Anatseka maso n'kupuma mozama. "Ndiye nanenso ndili ndi wanga. Tiyeni, anesi."

Telala anayenda pambali pa bedilo atawagwira dzanja mpaka pachitseko chimene achibale saloledwa kupitirira. Chitatsekeka, anakhala pabenchi, n'kutsamira phewa la mng'ono wake. Sanadziwe ngati mayi ake atuluke amoyo, kapena ngati akapeze chitseko cha kwa mwamuna wake chotsegula. Koma anali atafika nthawi ikadalipo, ndipo pabenchi louma lija anagona tulo timene anali asanagonepo chigwereni apongozi ake.