Anamuitana Kawiri Kokha

Musandiuze za mzungu uja anazungulira dziko lapansi ali m'chitini chouluka, mtima wanga umawira. Ine Itto ndinalipo, kusiteshoni imene Amereka anamanga paphiri kuseri kwa mudzi wathu, yomverera anthu awo ouluka kumwamba. Mwamuna wanga Addi ankayang'anira jenereta, komanso ndiye ankawamasulira chilankhulo chathu.

Madzulo a tsiku limene mzunguyo anauluka ndinamupititsira Addi buledi ndi tiyi.

"Tiyi ameneyu kapena madzi otsukira mbale?" anandiseka.

"Imwani, bambo a Tamou, musanazizire nonse awiri."

Kutada, wam'chitiniyo anadutsa pamwamba pathu. Analankhula ndi azungu anzake pawailesi pang'ono, mawu ake n'kuzilala. Kunangotsala kaphokoso ngati mafuta m'chiwaya.

Kenako wailesi inati, "Addi."

Mawu achizimayi. Achikwathu.

Kwathu ngakhale mwana amadziwa: ukaitanidwa usiku, suyankha mpaka kachitatu. Majini safika pachitatu. Ndinamugwira mkanjo Addi.

"Addi."

Bwana wa pasiteshonipo, wofiira ngati tomato, anadzambatuka n'kumukankhira cholankhulira kukamwa, akukalipa.

"Akuti wina akusokoneza wailesi, ndimufunse kuti ndani," Addi anandinong'oneza.

"Dikirani kachitatu, ndakugwirani mwendo!"

Anayesa kumufotokozera bwanayo. Chizungu sindichimva ine, koma chala choloza kuchipata ndinachimva. Tinali ndi ana anayi.

Addi anati, "Ndili pano."

Zii. Ngakhale kaphokoso kaja kanatha.

Anatuluka ngati akukaona jenereta. Sanabwerere. Ndinazungulira mpanda wonse ndi nyali, ndikukuwa mpaka mawu kusasa. Mwa azungu aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka pampando. Agalu!

M'mawa tinamupeza pamwamba pa mlongoti wa wailesi, wopanda nsapato, nkhope chakumwamba. Anamutsitsa ndi chingwe. Ndinamutchula dzina. Anandiyang'ana mwaulemu, monga mmene umayang'anira mlendo.

"Amene mukumufunayo anapita kale, mayi."

Mpaka lero amadya, amagona, koma ana ake amawapatsa moni ngati a eni. Dokotala wa azunguwo anati ndi kutopa. Kutopa! Kumudzi amanong'ona kuti mlongoti uja unakola zimene sizikoledwa, ndipo Addi weniweni adakali kumtunda komweko.

Wawo wam'chitini uja atagwera m'nyanja anamutumizira zombo ndi ndege. Wanga sanamutumizire ngakhale bulu.