Magalasi a Nambala Seveni

Lolemba, 8 koloko m'mawa, a Greenwell Sakala, mphunzitsi wa masamu pa koleji ya Mtondo ku Chongwe, anatsegula kabati. Magalasi a nambala seveni munalibe.

Sanali magalasi wamba. Ukawavala umapezeka m'dziko lina ukumanga mlatho, ukaphonya ngodya mlathowo umagwa nawe. Masamu ankalowa m'mutu motero. Koma magalasi khumi, ophunzira mazana awiri. Opeza mpata anali ogonera pakoleji. Towela Ngoma ankapalasa njinga kuchokera ku Palabana atakama ng'ombe za bambo ake, pofika mndandanda utadzaza kale. Mayeso a masamu anali atawalephera kawiri. Akalephera kachitatu, basi, kwawo.

A Greenwell anaimbira apolisi. Kunabwera wapolisi wamkazi, Sajeni Inutu Mubita.

"Mukayikira ndani?"

"Sinikayikira, ba Sajeni. Onani apa."

Pakompyuta panali mayina. Masewera a m'magalasiwo sayamba usanalowetse dzina lako, ndipo akangopeza netiweki amatumiza okha malikisi. Loweruka ndi Lamlungu, munthu mmodzi anali atamanga milatho makumi anayi. Towela Ngoma, pamwamba pa onse.

2 koloko masana galimoto ya polisi inaima ku Palabana. Anamupeza Towela kuseri kwa khola, magalasi kumaso, manja akupalasa m'malere. Sanawamve akubwera. Sajeni anamugwira paphewa.

"Vula, mwana iwe."

Towela anavula. Anaona yunifolomu, kenako bambo ake, a Zebron, atagwada pandowe chipewa chili m'manja.

"Nizabweza mawa, ba Sajeni. Mayeso ni pa Chinayi."

"Unapempha?"

"Kanayi konse. Ba Greenwell amatenga awiri pa Chisanu paliponse, ana awo aziseweretsa ku Lusaka. Iwo muwamanga liti?"

"Iwo ali na makiyi. Iwe unalowera pawindo."

"Amayi, mumusiye alembe chabe," anatero a Zebron. "Pambuyo pake nizamubweretsa nekha."

Sajeni sanawayang'ane. Unyolo unalira.

Lachinayi, 9 koloko, anzake akutembenuza mapepala a mayeso, Towela anaima m'khoti. Anavomera mlandu. Kalata yomuchotsa pakoleji inali kale m'thumba mwa bambo ake. A Greenwell anakhala kutsogolo, tayi ili pakhosi, akuyang'ana wotchi.

Woweruza anafunsa ngati ali ndi mawu odandaula.

"Ninali nitayamba kumvetsa, bwana."

"Kumvetsa chiyani?"

"Masamu."

Woweruza analemba osadzutsa mutu. Miyezi isanu ndi inayi kundende.