Tepi Yakuda pa Kanyali Kofiira

Galimoto inazima pakati penipeni pa chitunda cha kumsika, itadzaza buledi. Sinakhosomole ngati mmene zimachitira za petulo. Inangoti zii, kenako n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Nthiwatiwa, mtsikana wa fomu 3 yemwe anzake anamupatsa dzinali chifukwa cha miyendo yake yaitali, anaona bambo ake akuponda mabuleki ndi mphamvu zawo zonse, koma mabulekiwo anali atauma gwa. Chinawapulumutsa ndi mulu wa mchenga umene munthu wina anathira m'mbali mwa msewu.

"Galimoto yamagetsi imakalambira m'batire," anatero makaniko madzulo ake, akuloza kanyali kofiira pa dashibodi. "Ikatentha pachitunda ili ndi katundu, imazimitsa zonse. Kanyali aka kakunena zimenezo. Tiike batire lina, apo ayi muigulitse kwa ophwasula."

Atatchula mtengo wa batire, bambo anavula chipewa n'kukhala pa tayala lakutha.

Kunyumba nkhani inali yomweyo sabata yathunthu. Mayi ankati ikonzedwe, chifukwa galimotoyo ndi imene inalera ana. Bambo ankati kuika batire latsopano m'chiphakasa chotero n'kuveka nkhalamba nsapato zothamangira. Komanso ophwasula ankafuna kuigula pa mtengo wa nkhuku, ndipo bambo akangowakumbukira chakudya sichinkatsika.

Loweruka m'mawa, mayi atapita kumsika, bambo anaitana Nthiwatiwa kuseri kwa nyumba. Galimoto inali itatsukidwa mbee, itatchajidwa mpaka kudzaza. Anali atamasula kagalasi ka pa dashibodi, ndipo m'manja anali ndi tepi yakuda yomangira mawaya.

"Zala zako n'zowonda. Dula kachidutswa umate pakanyalipo."

Nthiwatiwa anachita kakasi. Awa anali bambo omwewo amene anamubweza kugolosale mvula ikugwa kuti akabweze chenji chopitirira.

"Nanga wogulayo akakakwera nayo chitunda?"

"Akubwera ndi munthu wogulitsa magalimoto akale. Amenewo ndi akathyali kuposa ife. Malonda ndi m'maso, mwanawe. Fulumira amayi ako asanabwere."

Nthiwatiwa anadula ndi kasizasi kake ka zikhadabo, ndipo kunena zoona anamata mwaluso. Wogula uja anabwera, anaiyendetsa pamsewu wosalala wa kutsogolo kwa nyumba, anagogoda matayala, n'kupita nayo. Nthiwatiwa anakhala masiku angapo mtima uli m'mwamba, koma mayeso atayandikira nkhaniyo inayamba kuzirala. Anadziuza kuti mwina anaiphwasula kale.

Lolemba lina m'mawa ankamanga zingwe za nsapato za Mzime, mlongo wake wa sitandade 1. Mzime ankapita kusukulu ya kuseri kwa msika pa galimoto ya mayi wina wonyamula ana, yemwe anawo ankangomuti Anti. Minibasi ya Anti inkamveka ikadali kutali, koma tsikuli sanamve kalikonse mpaka hutala inalira pageti.

Panja panaima galimoto yachikasu, penti ikununkha, m'kati muli mipando yatsopano ndi timitu ta ana mbwee.

"Mwaiona mbeta yanga?" anatero Anti akumwetulira. "Yamagetsi iyi. Utsi uja tasiyana nawo."

Chitseko cham'mbali chinakana kutseguka, ndipo Nthiwatiwa, asanaganize n'komwe, anachikankha ndi bondo pansi pa chogwirira. Chinatseguka. Padziko pano panali chitseko chimodzi chokha chimene bondo lake linkachidziwa chotero. Anasuzumira pa dashibodi. Kachidutswa ka tepi kanali pomwe anakamata.

Atacheuka anapeza bambo ataima pageti, kapu ya tiyi ili m'manja. Nawonso anali ataizindikira. Tiyi ankatayikira pa silipasi koma iwo sankamva kutentha.

Mzime anali atakwera kale, akulimbirana mpando wa pawindo ndi mnzake. Bambo anaika kapu pansi, anafika pachitseko n'kumunyamula.

"Uyu lero sapita nanu, mayi. Ali ndi chimfine."

"Sindikudwala ine," anatero Mzime akupalapata. "Ndikufuna kukwera yatsopano."

"Khala chete iwe."

"Pepani, achire msanga," anatero Anti, n'kuyamba kutembenuza chiwongolero.

Nthiwatiwa anadzidzimuka kuposa tsiku la pachitunda lija. Bambo ake anali atatulutsa mwana wawo yekha. M'galimotomo munatsala kamtsikana kopanda mano akutsogolo, mapasa a telala wa pakona, ndi ena ambiri amene ankamubayibitsa. Dzuwa linali litayamba kale kutentha, ndipo msewu wa kusukulu unali umodzi wokha, wodutsa pachitunda chomwecho.

Nthiwatiwa sanachotse dzanja pachitseko.

"Bambo," anatero, "nanga enawa? Nawonso ali ndi chimfine?"

Bambo anatembenuka. Anamuyang'ana ndi diso lija limene kale linkamuthamangitsira kuchipinda, koma ulendo uno miyendo yake yaitaliyo sinasunthe. Anti anayang'ana bambo, n'kuyang'ana mwana.

"Kodi kwagwanji?"

Bambo anatsitsa Mzime pang'onopang'ono. Analowa m'nyumba, ndipo Nthiwatiwa anaganiza kuti athawa. Koma anatuluka ndi sikuludiraiva, anapempha Anti kuti asendere, namasula kagalasi kaja. Zala zawo zinkalephera kugwira tepiyo, mpaka anaikanda ndi chikhadabo. Kanyali kanayaka psuu.

"Tsitsani ana, mayi," anatero ndi mawu otsika. "Galimotoyi inali yanga. Ikatentha pachitunda imazima, mabuleki n'kuuma. Ndinabisa ndine. Tipite limodzi kwa amene anakugulitsaniyo, ndikaibweze ndekha."

Anti anayang'ana kanyaliko, manja ali pachiwongolero. Kenako anatsika, n'kuyamba kutsitsa ana mmodzimmodzi, aliyense akumugwira ngati dzira. Mayi anali atatuluka, ataima pakhonde dzanja lili pakamwa. Aneba nawo anali atayamba kusuzumira pamipanda.

Mwana womaliza atatsika, Anti anatembenukira kwa bambo. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino.

"Sabata yathayi ndinkayesa galimotoyi ndili ndi mwana wanga wakhanda kumbuyoku," anatero. "Tandiuzani chinthu chimodzi, bambo. Wanuyu akanakhala kuti sakwera nawo, mukanandiimitsa?"

Bambo anayang'ana sikuludiraiva imene inali m'manja mwawo. Nthiwatiwa anawerama n'kuyamba kutolera zikwama za ana kuti awaperekeze wapansi. Sanafune kuti Anti amuyang'ane kumaso, chifukwa funso lomwelo likanabwera kwa iye, nayenso analibe choyankha.