Agogo Okana Kufa Apepesa kwa Mainess

Dzuwa litapendeka, banja la a Matiyasi ku Chiparamba linali pakhonde likuswa mtedza. Bambowo anali atangofika kuchokera ku Chipata, ndipo anatulutsa kamemore kosungira mafilimu m'thumba la malaya.

"Lero museka mpaka nthiti ziwawe," anatero akukalowetsa mu TV ya sola. "Ndi filimu ija yapengetsa anyamata a kabaza ku Kapata. Akuti Bokosi Landichepera."

Mainess, mwana wawo wamkazi, anadzutsa mutu msanga. Filimuyo ankangoimva dzina. Lemmy, chibwenzi chake, ndiye anasewera nkhalamba ya m'filimumo, koma ankamuletsa kuionera. "Ndikuchita manyazi, duwa langa," ankatero. Makolo a Mainess ankangodziwa kuti Lemmy amakonza mafoni m'tauni, ndi kuti ankhoswe ake abwera Loweruka.

Awiriwa anakumana chaka chatha pa siteji ya basi. Mainess anali ndi thumba la thonje, mnyamata wina n'kumupempha lodzaza dzanja.

"Mukufuna kusoka pilo?" anafunsa Mainess.

"Ayi, chemwali. Ndikufuna kukalamba."

Thonjelo linali la ndevu! Mainess anaseka mpaka basi inamusiya.

Filimu inayamba. Agogo Fulujensiyo anamwalira, koma anthu akamanyamula bokosi, iwo ankadzuka n'kudandaula kuti mapazi akupanikizika. Imfa inali munthu wamtali wopanda nkhope, woyenda pa njinga ya kabaza, ndipo inkaima pakhomo n'kuliza belu. Ngrii! Ngrii!

Amayi ake a Mainess, a Dolika, anadzifunditsa chitenje kumaso. "Mayo ine! Zimitsani, bambo a Mainess!" Koma a Matiyasi atatambasula dzanja, iwo analimenya. "Ndani wati muzimitse?"

"Bwerani mawa, achimwene, lero ndili ndi chimfine!" anakuwa agogo aja pouza Imfa. Pakhonde ponse panali phwete.

Chakumapeto kuseka kunatha. Agogo anavomera kukwera njinga ija. Asanakwere, anagwira dzanja la mkazi wawo wokalamba, amene ankasewera ndi mtsikana wina wa m'tauni dzina lake Beauty, n'kunena motsitsa mawu:

"Mano akadzatha m'kamwa mwako, ine ndidzakusinjira mtedza. Sudzagona ndi njala, wapamtima wanga."

Mtedza unagwa m'manja mwa Mainess. Mawu amenewo anali ake! Lemmy anamutumizira pa foni tsiku limene anamuvomera, ndipo ankawawerenga akatopa kumunda. Kani ndi mawu a filimu? Kani anawanena atagwira dzanja la mkazi wina?

Anazembera kuseri kwa nkhokwe, misozi ili chuchuchu, n'kulemba uthenga: "Ndaionera. Ankhoswe ako asavutike kubwera. Mtedzawo ukasinjire Beauty."

Yankho linabwera msanga. "Thonje langa loyera, usatero! Ndili pafupi, ku Tamanda kuno, ndikubwera pompano."

Mainess anazimitsa foni.

Nkhuku zikuyamba kulowa m'khola, kunamveka belu la njinga kuseri kwa mpanda. Ngrii! Ngrii!

"Yesu Mariya, yafika!" anakuwa a Dolika, lichero n'kutayika.

Anali Lemmy, thukuta lili kamukamu. Ataona kuti apongozi ake aakazi ali pabwalo, anatsika njinga msanga, n'kukanjuta patali pafupi ndi mtengo wa mango, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu. Mkamwini angayang'ane apongozi m'maso? Angatchule za chikondi iwo akumva? Anangowomba m'manja n'kupereka moni ndi mawu onjenjemera.

A Dolika anatchera khutu. "Bambo a Mainess, mawu awa ndawamva kuti?"

"Ndi agogo anu a m'bokosi aja, amayi," anatero Mainess mokwiya ali chiimire pa nkhokwe. "Odziwa kulonjeza akazi."

A Matiyasi anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mnyamata uja, ndipo anamvetsa kuti pali utsi. Anakanda kumutu pang'ono.

"Mkamwini sangalankhule pano, n'zoona," anatero. "Koma agogo amalankhula paliponse. Mdzukulu wawo amamutcha mkazi wawo, palibe amawaletsa. Mayi a Mainess, tawaitanani agogo Fulujensiyo."

"Agogo!" anaitana a Dolika akudziletsa kuseka. "Mwatani naye mwana wanga?"

Msana wa Lemmy unapindika, manja anayamba kunjenjemera, ndipo atafulatirabe choncho, anatulutsa mawu a nkhalamba.

"Ndalakwa, ana inu. Mkazi wanga Mainess, tamvera. Mawu aja ndinayamba kukuuza iwe, tisanajambule mapeto a filimu. Tsiku lojambula, njinga ija itaima patsogolo panga, zonse zimene anandilembera zinathawa m'mutu. Ndinachita mantha enieni. Ndinaganiza kuti tsiku lina lidzafikadi, ndipo dzanja limene ndidzafune kugwira ndi lako. Pakamwa panangotuluka mawu ako."

"Nanga munandibisiranji?" anafunsa Mainess.

"Mantha, mkazi wanga. Imfa ndinaiuza kuti ibwere mawa, koma iwe ndinalibe chokuuza."

A Matiyasi anaseka mpaka kutsokomola. A Dolika ankapukuta maso, osadziwika ngati ndi misozi ya kuseka kapena ya chisoni.

Koma Mainess sanaseke. "Agogo, mawu anga munawagawira tauni yonse. Lero wa kabaza aliyense akuuza mtsikana wake za mtedza. Ine ndatsala ndi chiyani?"



"Mukamuuze mdzukulu wanu Lemmy," anapitiriza Mainess, "kuti ndikufuna lonjezo lina. Langa ndekha. Losalowa mu TV, losalembedwa pa foni. Akalipeza, mawa m'mawa ndili ku mjigo. Akalisowa, Loweruka kulibe."

"Akalipeza!" anayankha agogo mofulumira. "Ngakhale asagone, akalipeza!"

"Agogo, musanapite," anatero a Dolika, "tanenaniko kamodzi kokha ka chimfine kaja."

Ndipo mkamwini, atafulatira apongozi ake mwaulemu wonse, anakuwa kuti: "Bwerani mawa, achimwene!" Anthu a nyumba zoyandikana anatuluka kudzaona chimene chinkaseketsa a Dolika chonchija.

M'mawa mwake Mainess anapita ku mjigo ndi azakhali ake, a Sesiliya, amene ankayendetsa za ukwatiwo. Anapeza Lemmy atafika kale, maso ali ofiira. Azakhaliwo anatsalira dala kumbuyo, akunamizira kutsuka ndowa.

Lemmy anagwira chopopera, madzi n'kuyamba kutuluka. Anawerama n'kunong'oneza m'khutu mwa Mainess. Phokoso la mjigo linameza mawu onse. Mainess anaphimba pakamwa ndi dzanja, ndowa inadzaza mpaka kusefukira, iye osaona.

Pobwerera, a Sesiliya anapirira mpaka pa mphambano.

"Iwe, wakuuza chiyani?"

"Za ine ndekha, azakhali."

"Ngakhale kachidutswa? Ine sindiuza munthu!"

Mainess anakonza ndowa pamutu, akumwetulira.

"Inu mungowauza amayi kuti afulule thobwa. Loweruka kuli alendo."