Nyundo ya Madontho Atatu

Kwathu tsiku linkayamba ndi pemphero, kenako phokoso la zitsulo. Bambo anali mmisiri wowotcherera. Shedi yawo inali kutsogolo kwa nyumba, moyang'ana msewu, ndipo mageti ambiri a m'dera lathu anatuluka m'manja mwawo. Amayi ankasoka pakhonde. Ine ntchito ya zitsulo inandikana, ndinakalowa ya m'sitolo, koma mng'ono wanga inamukonda. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankawotcherera msoko wosalala ngati wa amayi pansalu. Tinkamutcha Kamoto, chifukwa sankachedwa kuyaka.

Mu shedimo munali malamulo awiri. Loyamba, chida chilichonse bambo ankachidontheza madontho atatu a chitsulo kuti chisasochere. Lachiwiri, chitsulo chongowotcherera kumene sunkachigwira usanachiwaze madzi.

"Chitsulo chikafiira ngakhale chitsiru chimachiopa," ankatero bambo. "Choopsa ndi chimene chada kale koma moto ukadali m'kati. Nkhani za moyo n'chimodzimodzi. Usanagwire, gwada, upemphe nzeru kwa Mulungu. Sanakalipirepo munthu chifukwa chofunsa."

"Ndiye tizipemphera ngakhale pokhoma msomali?" Kamoto ankaseka.

"Iweyo makamaka," amayi ankayankhira pakhonde.

Chaka chimenecho chinali chowawa. Magetsi ankazima masiku atatu pa mlungu, ntchito n'kumaima. Maso a bambo, otopa ndi malawi a zaka zambiri, anayamba kuona ngati muli utsi. Mkazi wanga anali atangochira kumene, mwana wathu woyamba, ndipo tinkakhala m'chipinda chakuseri. Ndiye Lolemba lina m'mawa tinapeza loko wa shedi ali pansi, wodulidwa. Makina owotcherera kunalibe. Galayinda, nyundo, masipanala, zonse zinali zitapita. Anangotisiyira benchi ndi chitini cha madzi owazira zitsulo.

Bambo anapapasa pamene pankakhala makinawo.

"Tiyeni tigwade," anatero. "Tikatha tipite kupolisi."

Tinagwada pafumbi la zitsulo. Kamoto yekha anaima chilili. Bambo sanapemphe kuti akubawo afe. Anapempha kuti Mulungu atipatse nzeru, kuti umphawi usatisandutse anthu ena.

"Amen wake ndi makinawo?" anafunsa Kamoto. "Tidya nzeru?"

"Mwana wanga, chitsulochi chikadali chotentha."

"Inu zipempherani. Ine ndikawapeza."

Pa siteji ya minibasi panali woitanira wina wotchedwa Magalasi, chifukwa magalasi akuda sankachoka pamaso pake ngakhale kukugwa mvula. Ndi iye amene anamuitana Kamoto tsiku lomwelo, n'kumugulira botolo.

"Aise, ndamva za kwanu. Ndiye mdala wako akudikira angelo kuti abweze makina pa wilibala?"

Anzake anafa nacho chikhakhali.

"Wakuba samva pemphero, mphwanga, amamva chitsulo. Mwamuna salira, amaliza ena. Ife tikuthandiza. Tiyambe ndi kamdala kogula zitsulo zakale kaja."

Lachitatu masana anamupeza mkuluyo akukankha ngolo yake. Anaigubuduza. Zitini ndi mapaipi zinamwazika mumsewu. Magalasi anamugwira manja kumbuyo, Kamoto n'kumumenya mbama, kenako zibakera, mpaka mano awiri anagwera pafumbi. Chida cha madontho atatu sanachipeze ngakhale chimodzi.

Kamoto anafika kunyumba dzuwa likadalipo, malaya ali ndi magazi, m'kamwa mukununkha mowa. Analowa mu shedi n'kutola chitsulo chotalika ngati mkono chimene akuba anachisiya pansi pa benchi. Potuluka anapeza bambo ataima pakhomo.

"Magaziwo ndi a ndani?"

"A wakuba."

"Wavomera?"

"Avomera bwanji? Wakuba amavomera?"

"Ndiye wadziwa bwanji? Unafunsa ndani, Mulungu kapena botolo? Siya chitsulocho. Makina ndi chinthu, tidzagula ena. Iwe sindingakugule kwina."

"Ndichokereni, bambo."

"Sindichoka."

Kamoto anawakankha. Bambo anadzandira n'kukagwera pa makina osokera a amayi, chipumi chinang'ambika. Amayi anakuwa. Ine ndinali nditangofika kuchokera kuntchito, ndipo ndinamugwira pakhosi pa malaya.

"Wapenga? Bambo ako omwe?"

"Achimwene, inu muli ndi ntchito yanu ya m'sitolo. Ine manja angawa ndiwo munda wanga. Ndisiyeni!"

Anandipotokola dzanja n'kuthawa. Mwana wanga anali akulira m'chipinda. Amayi akuwapukuta magazi, bambo ankangonena chamumtima kuti, "Ambuye, mugwireni, ine wandipulumuka."

Masiku awiri sanabwere kunyumba.

Zimene zinachitika Loweruka kumsika ndinaziona theka, theka linalo ndinalimva pakamwa pa Kamoto mwini. Kumapeto kwa msika, pafupi ndi ogulitsa makala, panali munthu wokonza njinga amene anali atangofika kumene m'tauni mwathu. Anali bambo wa zaka ngati makumi anayi, wofatsa, wosadziwika ndi aliyense. Magalasi ndiye anamuloza.

"Mlendo uja wabwera liti? Si mwezi uno? Makina anu asowa liti? Tapita ukaone zida zake."

Kamoto anapita. Munthuyo anali atawerama, akuwongola mkombero wa njinga. Nyundo imene inali m'dzanja lake inali ndi madontho atatu. Kamoto anawadziwa monga umadziwira nkhope ya amayi ako.

"Nyundoyi mwaitenga kuti?"

Munthuyo anatukula mutu. Anali wachibwibwi.

"A-a-anandi... a-anandi..."

"Mwaona? Mawu akumukanika!" anakuwa Magalasi. "Wakuba uyu!"

"Wakubaaa!" anakuwa Kamoto.

Mawu amenewo pamsika ali ngati machesi pa udzu wouma. Anthu anasiya malonda awo. Wina anamuponda kumsana, wina anamugenda ndi njerwa kumaso. Munthuyo anagwa, natambasula dzanja lamanja kuti atolenso nyundo yake, mwina kuti awaonetse kanthu. Kamoto anaponda mkonowo.

"Dzanja lakuba ndi ili?"

Anakweza chitsulo chija n'kuchitsitsa. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu mafupa anamveka ngati nkhuni zouma. Munthuyo analira kulira kosatuluka mawu.

Mayi wina wogulitsa tomato, wa kutchalitchi kwathu, ndiye anathamangira kunyumba kwathu kudzatiuza. Ndinali nditabwera kudzadya. Bambo atamva anaimirira, bandeji ili pachipumi.

"Ndigwire dzanja. Thamanga nane."

Sindinawaonepo akuthamanga chotero. Njira yonse ankapemphera mokweza, mawu amodzimodzi: "Ambuye, nzeru. Ambuye, nzeru." Titafika, tayala linali kale m'khosi mwa munthuyo. Wina ankatsegula botolo la petulo. Magalasi ankafunsa amene ali ndi machesi.

Bambo sanakalipe. Anasiya dzanja langa, anapyola pakati pa anthu, n'kudzigwetsa pamwamba pa munthuyo. Mwala wina unawapeza paphewa. Petulo anawathirikira pamsana.

"Katundu wobedwayo ndi wanga!" anafuula. "Mwini mlandu ndine. Wofuna kuyatsa ayatse, tipsere limodzi!"

Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono. Pamenepo munthu uja anatsegula pakamwa podzaza magazi.

"A-a-amisiri?"

Bambo anatchera khutu. Maso awo sankaona bwino, koma makutu sanawanamize. Anapapasa nkhope yotupayo ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga! Ndiwe? Wabwera liti?"

Kenako anati, "Ndipatseni nyundoyo." Ndinaitola n'kuwapatsa. Anaisisita ndi chala, naitukula.

"Kamoto, bwera kuno. Gwira apa. Pansi pa madonthowa pali chiyani?"

Kamoto anagwira. "Kamzere."

"Zida za mu shedi zili ndi kamzere?"

"Ayi."

"Kamzere ndimaika pa nyundo imene ndapatsa munthu amene wamaliza kuphunzira ntchito. Chiyambire ndinapatsapo munthu mmodzi yekha, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndi uyu. Ankakubereka kumsana amayi ako akamasoka. Kangolo kamene unaphunzirira kuyenda anakupangira ndi dzanja limene waphwanyali."

Chitsulo chinagwa m'manja mwa Kamoto. Anatembenuka kuti ayang'ane Magalasi, koma Magalasi panalibe. Khamu lonse linali litasungunuka, aliyense wabwerera pa malonda ake ngati sanaonepo kanthu. Apolisi atafika anapeza munthu mmodzi yekha woti amumange, atakhala pafumbi, magazi a mnzake ali m'manja.

Wokonza njingayo anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Diso lamanzere linafa. Dzanja lamanja madokotala analidulira pamfundo. Atayamba kulankhula anatiuza kuti ankafuna kudzaona bambo Lamlungu lake lomwelo. Ankangodikira kuti apeze kaye kangachepe, asafike kwa amisiri ake chimanjamanja.

Patapita milungu itatu apolisi anawapeza makina athu, pamodzi ndi galayinda, m'nyumba ya mlamu wake wa Magalasi. Amene ankamutsogolera Kamoto posaka wakuba anali wakubayo. Makinawo anabwerera mu shedi, koma wowagwiritsa ntchito panalibe. Kamoto khoti linamulamula kukhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri.

Miyezi yoyamba ankakana kutiona. Tsiku lina wokonza njinga uja, amene tsopano ankakhala kwathu, anati akufuna kupita nafe. Amayi anakana, koma bambo anati, "Ndapempherapo. Apite."

Kamoto anatulukira ali wowonda, mutu wometedwa. Ataona mkono wodukawo anagwa pansi, n'kubisa nkhope.

"Ndipheni, achimwene. Chonde, ndipheni."

Munthuyo anagwada movutikira, n'kumugwira paphewa ndi dzanja lotsalalo. Mawu anamutengera nthawi, ndipo ulendo uno palibe anamudula.

"Ndi-ndinakwiya nawe. Ndinkafuna u-ufe. Koma ndi-ndinafunsa kaye Mulungu. Wa-wandiuza kuti ndibwere."

Kamoto analira ngati khanda. Bambo anadikira mpaka atatonthola.

"Pansi pa bedi langa pali nyundo," anatero. "Madontho atatu ndi kamzere. Ndinaikonza chaka chatha, ndinkati ndikupatse ukamaliza geti lalikulu lija. Ikudikira. Koma dzanja la m'bale wakoyu silidzameranso, ndipo ukadzatuluka manja ako adzagwirira anthu awiri."

"Bambo," anatero Kamoto, "ndiphunzitseni kufunsa kuja. Sindikudziwa poyambira."

Anagwada onse atatu pa simenti ya ndende, mlonda akuyang'ana kumbali.

Padutsa zaka ziwiri, zatsala zisanu. Bambo tsopano saona n'komwe. Amakhala pa benchi n'kumamvetsera, wokonza njinga uja akuphunzitsa anthu ntchito ndi dzanja limodzi. Mwana wanga wayamba kuthamanga, ndipo ndimamuona mtima wake kuti ndi wachangu ngati wa bambo ake aang'ono. Akafuna kutola kanthu mu shedi, agogo ake amamuuza kuti ayambe waviika chala m'chitini n'kuwaza. Iye amayesa masewera.

Wachinyamata iwe, masiku ovuta adzakupeza, ndipo alangizi sadzasowa. Ena adzakugulira botolo n'kukuuza kuti kupemphera ndi mantha. Usawamvere. Mkwiyo umaona madontho atatu, kamzere sukaona. Mng'ono wanga sanali wakuba kapena chigawenga, anali mwana wa m'nyumba yopemphera amene anakana kugwada kwa mphindi imodzi. Mphindi imeneyo inadya dzanja la munthu, diso lake, ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mulungu amakhululuka, ndaona ndi maso anga, koma chodulidwa sichimera. Usanagwire, gwada, upemphe nzeru.