Dikirani Agogo Mawanga

Kunyumba amamutchula Kaliwiro. Mtsikana ameneyu sayenda, amangothamanga. Ali ndi galu wake, dzina lake Mawanga. Awiriwa anabadwa chaka chimodzi. Amayi amati ndi mapasa.

Kale ankathamanga limodzi. Kusitolo, limodzi. Kumpira, limodzi. Koma tsopano Mawanga anasiya kuthamanga. Ngakhale masitepe a pakhonde ankamukanika. Ankagona panja, pozizira. Kaliwiro ankafuna mnzake abwerere m'nyumba.

Anyamata a mumsewu ankaseka. Ankati Mawanga ndi waulesi. Ankati ndi thumba la mchenga. Ha, pakamwa pa ana amenewa! Kaliwiro zinkamuwawa mumtima.

Abambo anawatengera kwa dokotala wa ziweto. Dokotala anayang'ana mano. Anagwira miyendo. Anasisita imvi za pamphuno.

"Kodi akudwala?" anafunsa Kaliwiro.

"Ayi, mwanangu. Wakalamba," anatero dokotala.

Kaliwiro anakana. Iye ali ndi zaka khumi. Mawanga nayenso khumi. Nanga bwanji iye alibe imvi?

Dokotala anafotokoza bwinobwino. Galu amakula msanga kuposa munthu. Kaliwiro akuphunzira kuyenda, Mawanga anali kale mnyamata. Kaliwiro akuyamba sukulu, Mawanga anali kale bambo. Lero ndi gogo.

Abambo anaseka. Anati ndiye kuti m'nyumba muli wamkulu wowaposa iwo.

Onse atafika kunyumba, amayi anamva zonse. Anauza Kaliwiro za kale. Ali khanda, ankagwira ubweya wa Mawanga poyenda. Akagwa, Mawanga ankaima. Akalira, Mawanga ankadikira.

Kaliwiro anayang'ana masitepe aja. Kenako anapita kwa abambo. Paja abambo ndi kalipentala. Anapempha thabwa lalitali. Analigoneka pamasitepe. Abambo anakhomerapo timitengo kuti lisaterere.

"Kwerani, agogo," anatero Kaliwiro.

Mawanga ananunkhiza thabwa. Anaponda. Anapondanso. Pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, uyo walowa m'nyumba! Anagona pakhomo pa chipinda cha Kaliwiro, pofunda.

M'mawa mwake amayi anatuma Kaliwiro kusitolo. Mawanga anamutsatira. Kaliwiro sanathamange. Mawanga akaima, iye ankaima. Mawanga akapuma, iye ankadikira.

Anyamata aja anayamba kuseka. Kaliwiro anaimika khosi.

"Si waulesi. Ndi wamkulu kuposa tonsefe. Patukani, agogo adutse."

Anyamata anayang'ana imvi zija. Manyazi anawagwira. Anapatuka. Wina mpaka anavula chipewa. Mawanga anadutsa pakati, mchira uli m'mwamba. Kaliwiro ananyadira kwambiri.

Anafika kunyumba mochedwa. Amayi anali pakhonde, manja m'chiuno.

"Iwe Kaliwiro, liwiro lija lapita kuti?"

Kaliwiro anasisita mutu wa Mawanga.

"Ndimadikira agogo, amayi. Paja nawonso ankandidikira."