Bwana Chitukuko ndi Mpata wa Ochedwa

Denga la Sitandade 4 linagwa Lolemba m'mawa, ana akusesa panja. Silinavulaze munthu. Linangophwanya madesiki ndi tebulo la aphunzitsi, lomwe linali lothyoka kale.

Ahedi anafika akuthamanga, nsapato kumanja. Atawerenga ana n'kupeza kuti onse alipo, anakhala pansi pakhonde. Lachitatu lake akuluakulu a mzinda ankabwera kudzagamula ngati sukuluyi imangidwenso kapena itsekedwe, malo agulitsidwe. Kale inali kutchire, kumapeto kwa tauni. Tsopano tauni inali itaizinga, mashopu kumaso, mafulati kumbuyo. Ikatsekedwa, ana aziwoloka msewu wa malole kupita kusukulu ina yodzaza kale.

Posakhalitsa anatulukira Bwana Chitukuko, mwini wa mafulati aja. Dzinali anadzipatsa okha. Anaphunzira pasukulu yomweyi, ndipo ankaikonda kwambiri moti ankafuna kuigula kuti amangepo malo omwetsera mafuta galimoto.

"Mayi, ndinkanena ine," anatero akupukusa mutu. "Chiswe chatha mitanda. Lero denga, mawa mwana. Mtima ukundiwawa."

"Khalani pansi bwana, ungakugwetseni," anayankha ahedi.

Kuchokera kupolisi kunabwera Sajeni, mayi wamfupi wosachulutsa mawu. Analowa pansi pa malata, n'kutuluka ndi utuchi m'manja.

"Chiswe cha kuno chili ndi sowo," anatero. "Chimadula mowongoka."

Loko wa pageti anali wosathyoka. Sajeni anazungulira mpanda mpaka kuseri kwa zimbudzi, komwe waya anali wopindika, n'kusiya kampata.

"Uwu ndi mpata wa ochedwa," anatero ahedi. "Ife kutseka, ana kutsegula, chiyambire sukuluyi. Amaudziwa ndi okhawo anaphunzira pano."

Pawayapo panali kansanza ka jekete yabuluu, batani lili pomwepo. Sajeni anakaika m'thumba, n'kukweza maso. Makhonde a mafulati anali pamwamba pake penipeni, odzaza zovala zoyanika ndi anthu omuyang'ana.

Anakwera masitepe. Pakhonde lachiwiri anapeza mayi woluka tsitsi, kasitomala ali pampando.

"Dzulo masana munaona chiyani kusukuluku?"

"Alandilodi athu, achemwali. Anabwera ndi kalipentala woonda uja wa kuseri kwa msika. Kalipentala anadutsa bwinobwino. Iwo anakanirira."

"Anakanirira?"

"Mutu mkati, zinazo kunja. Kalipentala kukoka, iwo kutukwana. Ife ntchito tinasiya. Fulati yonse inajambula pafoni."

"Bwanji osanena?"

"Timayesa abwera kudzakonza denga. Komanso munthu akakanirira pampanda sumuitanira apolisi, umangoitana anzako."

M'mutu mwa Bwana Chitukuko, kuseri kwa sukulu kunali kukadali tchire la ubwana wawo, koonerera mbuzi zokha. Anaiwala kuti mawindo onse aja anawaika ndi iwo eni.

Sajeni anamupeza kalipentala uja akupala chitseko. Ataonetsedwa kanema wa pafoni uja, anaika pansi chopalira.

"Bwana Chitukuko anati ndicheke mitanda theka, denga ligwe lokha ana asanabwere," anatero. "Anati Lamulungu sukulu ilibe mwini."

Lachitatu msonkhano unachitikira pabwalo la mpira. Akuluakulu a mzinda anakhala kutsogolo, makolo kumbuyo, ambiri a iwo ochokera m'mafulati momwemo. Bwana Chitukuko anapempha kuti anene mawu awiri okha. Anali atafika pa mbiri ya agogo awo pamene Sajeni anayimirira pambali pawo.

"Bwana, jekete yanu yabuluu ili kuti?"

"Ili kwa telala. Mayi, ndikulankhula."

"Kwa telala ndachokera komweko." Sajeni anaitulutsa m'jumbo, n'kulumikiza kansanza kaja pong'ambikapo. Kanakwanira.

"Kodi mukundidziwa kuti ndine ndani?"

"Fulati yonse ikukudziwani, bwana. Ndi kumbuyo komwe."

Foni ya mayi woluka tsitsi inayenda m'manja mwa akuluakulu. Wapampando anaonera kawiri, kachiwiriko akuti kuti atsimikize. Kenaka anafunsa kuti ndi angati mwa makolowo ali ndi ana pasukulupa. Manja anakwera bwalo lonse, mpaka m'makhonde mwa mafulati.

"Ndiye titseka bwanji sukulu poti ana achuluka chonchi?" anatero. "Imangidwenso, ndipo ikhale yosanja."

Makolo anawomba m'manja, ana akuvina pafumbi. Ahedi anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Atamangidwa, Bwana Chitukuko anapempha kuti unyolo uphimbidwe ndi jekete, poti ndi munthu wodziwika. Sajeni anavomera, n'kuwaphimba ndi yong'ambika yomweyo. Kenaka anawatulutsira pageti lalikulu. Apo anadutsa bwinobwino.